Chikopa cha Ng'oma ya Teunis

Pofika mwezi wachinayi Apwitikizi atatizinga, kumtunda mizinga, kunyanja zombo, mumzinda munalibenso mphaka kapena khoswe. Ufa wa chinangwa tinali titauiwala. Mwamuna wanga Teunis anali woimba ng'oma wa asilikali a Chidatchi. Ine ndine Brites, mbadwa ya kuno ku Pernambuco.

Mwana wathu Marijke anasiya ngakhale kulira. Ndiye tsiku lina Teunis ali ku ulonda, ndinasenda chikopa cha ng'oma yake, mbali zonse ziwiri, n'kuchiwiritsa mumphika wamkuwa mpaka chinafewa. Mwana anadya. Ndisaname, sindinadandaule ngakhale pang'ono.

M'mawa mwake kaputeni wa asilikali athu anaganiza zogonja. Koma pankhondo sungangotsegula chipata. Woimba ng'oma amayamba wakwera palinga la mzinda n'kuimba kaimbidwe kopempha zokambirana, adani n'kuleka kuombera. Nsalu yoyera yosonyeza kugonja sinkathandizanso, chifukwa kaputeni wathu wochenjerayo anali atawapusitsa nayo kale Apwitikizi n'kuwaphera anthu khumi.

Teunis anafika akuthamanga, n'kuvundukula ng'oma. Anapeza pali pululu.

"Brites, chikopa chili kuti?"

"Chili m'mimba mwa mwana wanu."

Anayang'ana Marijke, amene anali atakhala tsonga koyamba pa sabata yonse. Anaseka pang'ono.

"Bola, chapeza ntchito yeniyeni."

"Bambo a Marijke, musakwere. Kawauzeni akaputeni kuti ndine ndachita."

"Kuti akupachike? Iwe, khala ndi mwanayo."

Anakwera ndi mtengo wokhawokha wa ng'omayo, akuumenya m'mbali: kho, kho, kho. Ngakhale ine, m'munsi mwa linga momwemo, ndinkaumva movutikira. Apwitikizi anangoona Mdatchi ataima poyera. Mfuti inalira kamodzi.

Ndinathamangira mphika uja. Kaimbidweko ndinkakadziwa, zaka zisanu ndi ziwiri ndikumumva akukaphunzitsa anzake. Ndinakwera, ndinaima pambali pa mtembo wake, ndinatola ndodo zake n'kumenya mkuwawo mpaka manja anachita dzanzi. Ndinkalira, ndiponso ndinali ndi ukali woti ndikanaluma munthu. Kunja kunamveka kuseka, kenako kunati zii.

Masana chipata chinatsegulidwa. Kaputeni anatuluka ndi mbendera yake, chifuwa patsogolo, ngati wapambana ndi iye.

Marijke ndi mayi tsopano. Akandifunsa chimene chinapha bambo ake, ndimati chipolopolo. Mphikawo ndi umene amaphikiramo nyemba za ana ake.