Mpata M'nyimbo ya Bambo

Chimalizireni sukulu ndinkangokhala pakhonde kuwerenga mabasi a ku Chicago. Ozell, chibwenzi changa, anapita kale komweko, kalata osabwera. Kuno kumudzi kwathu ku Delta kunatsala thonje, fumbi ndi gitala ya malemu bambo. Chinkandidya mumtima n'choti nyimbo yawo inali kundithawa. Ankati andiphunzitse, ine n'kumati mawa.

Loweruka masana panaima galimoto. Munatsika mkulu waimvi wa ku Japan, Bambo Shigeru, n'kuvula nsapato pamasitepe.

"Valani, bambo," anatero amayi. "Matabwawa ndi amisomali, akubayani."

Mlendoyo anafotokoza kuti zaka khumi zapitazo anajambula bambo anga pa kaseti pakhonde lomweli, ndipo kwawoko wakhala akuiphunzira nyimboyo tsiku ndi tsiku.

"Lurlene, kawatengere gitala," anatero amayi.

Mlendoyo analowetsa chala chaching'ono m'khosi la botolo lomwe bambo ankaimbira, n'kuliyendetsa pazingwe. Anali bambo enieni, kungoti nkhope ina. Pakati pa nyimbo anasiya zingwe, phazi lokha likugunda thabwa kanayi, kenako n'kupitiriza.

"Mpata umenewu timakanganirana ndi anzanga kwathu ku Osaka," anatero atamaliza. "Ena amati apa mwiniwake ankalira."

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. "Kulira? Mwamuna wanga uja? Kunotu woimba amasiyira mnzake poyankha. Ankadikira kamwanaka. Tsiku limenelo kanali katanyanyala kuseri kwa chitseko, titakamana zipatso za sitiroberi."

Mlendo anatembenukira kwa ine, maso akuwala. "Ndiye pali mawu? Chonde, mayi."

Anayambanso. Atafika pampata anandiyang'ana. Ndinatsegula pakamwa. Phazi linagunda kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Sipanatuluke kanthu.

Mlendoyo anawerama mwaulemu ngati wolakwa ndi iyeyo. Pochoka anandisiyira kaseti.

"Amayi, inu mawuwo mukuwakumbukira?"

"Anali a iwe ndi bambo ako. Ine ndinkakhala pamoto, ndikuphika."

Ndinaika kasetiyo muwailesi pakhonde. Basi ya ku Chicago inadutsa, sindinaiwerenge. Ndinabweza tepi, n'kubwezanso. Nthawi iliyonse bambo ankafika pamenepo, n'kugunda phazi kanayi, kundidikira. Pa kugunda kwachitatu, ukatchera khutu, umamva chitseko chikulira pang'ono.