Julião Anafa pa Tsamba 12

Makina otayipira a Catarina anakhala zaka ziwiri pansi pa nthaka, m'munda wa chinangwa, atakulungidwa m'matumba a feteleza. Anawakwirira tsiku limene anthu a m'tauni ya Milange anathawa mfuti mu 1986 n'kuwolokera ku Muloza, tsidya la Malawi. Atabwerera anawafukula, nawathira mafuta a makina osokera, ndipo anayambanso kugwira ntchito.

Nkhondo isanafike, Catarina ankatayipa makalata ku ofesi ya boma. Tsopano ankathandiza ku mishoni, kumene amayi ndi abambo ankaphunzira kuwerenga masana pansi pa mtengo wa mango. Mfuti zinkamvekabe kutali, cha ku Molumbo, koma m'tauni anthu anali atayambanso kulima. Chosowa chinali mabuku. Ena anapsa, ena anthu anapichirira fodya.

Ndiye Silvestre, mng'ono wa mwamuna wa Catarina, yemwe anali mphunzitsi sukulu yake isanatenthedwe, anabwera ndi makope awiri. Anati walemba nkhani m'Chinyanja, ndipo ikatayipidwa ikhoza kukhala buku la ophunzirawo. Kope loyamba analemba ali kothawa nkhondo ku Muloza. Lachiwiri analemba atabwerera kwawo. Nkhaniyo inali ya anyamata awiri apachibale, Cândido ndi Julião, amene ankasenza mchere kuchokera kumalire kupita nawo ku Majaua, kudutsa m'tchire.

Mapepala anali osowa, choncho Catarina sankatayipa chinthu asanachiwerenge chonse. Patapita masiku atatu anaitanitsa mlamu wakeyo. Silvestre anamupeza pakhonde akusola nandolo, makope aja ali pamphasa, timaudzu tikutuluka pakati pa masamba.

"Khalani pansi, alamu," anatero Catarina. "Muli ndi milandu itatu."

"Itatu yokha? Ndiye ndapulumuka."

"Musathamange. Mkazi wa Cândido dzina lake ndani?"

"Ofélia."

"Pa tsamba 3 ndi Ofélia. Pa tsamba 9 ndi Zulmira. Kapena Cândido watenga mitala osatiuza? Buku limeneli likawerengedwa pakhomo pa ansembe, alamu."

Silvestre anaseka mpaka kugwira pamimba. Anati akhale Ofélia. Mlandu wachiwiri unali wa katekisiti wa m'nkhanimo, amene analowa m'tchalitchi ali João Baptista n'kutuluka ali Zeferino. Anaukonza ndi pensulo pompo.

Catarina anasuntha lichero la nandolo n'kutsegula pamene panali kaudzu kotsiriza.

"Wachitatuwu ndi waukulu. Pa tsamba 12 Julião waomberedwa pamtsinje, wafa, Cândido wamufotsera ndi masamba. Ndalira nazo ine. M'kope lachiwiri mwamupatsa Cândido mnzake watsopano woyenda naye, dzina lake Hilário. Masamba awiri ndi Hilário bwinobwino. Kenaka, popanda chonena, wasanduka Julião, ndipo ndi Julião mpaka nkhani kutha. Ndawerenga malo makumi awiri ndi atatu. Munthu wakufa akusenza mchere, akudya chinangwa, akufunsira mbeta."

Silvestre anatenga kope lija n'kuyang'ana yekha. Zinalidi choncho, ndi dzanja lake lomwe. Sanasekenso. Anaika chala pa dzinalo.

"Sindinadziwe," anatero. "Ndikunena zoona, alamu, ine m'mutu mwanga ndimalemba Hilário."

"Nanga dzanja limalemba za ndani?"

"Za António."

António anali mng'ono wa Silvestre, wotsiriza kubadwa m'banja mwawo. Chaka chimene anathawa chija, anthu a mfuti anamugwira kumunda kuti akawasenzere katundu. Patapita miyezi, mayi wina anafika ku Muloza n'kunena kuti anaona mtembo wake pamtsinje. Banja linalira maliro opanda mtembo. Koma chaka chathachi, mvula ili pakati, António anatulukira pakhomo, woonda ngati bango, akukoka mwendo wamanzere. Anali wamoyo.

"Julião ndinamuumba poyang'ana António," anatero Silvestre. "Kuyenda kwake, makani ake. Tsamba 12 ndinalemba sabata ya maliro ija. Lachiwirili ndimalemba iye ali pabwalo panga, akukonza khasu, akuimba nyimbo zake za Chilomwe. Ndiye ndikanamusiya bwanji m'manda?"

Catarina anapukuta manja pachitenje.

"Njira zilipo ziwiri. Ndikhoza kufufuta Julião malo onse aja n'kubwezeretsa Hilário. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kapena inu mukalembenso tsamba 12."

"Inu mukuona bwanji?"

"Ine ndine wotayipa chabe. Koma malo makumi awiri ndi atatu akunena kuti munthuyu ali moyo, tsamba limodzi lokha ndiye likuti wafa. Pamlandu timamvera mboni zambiri."

Silvestre anamwetulira. "Nanga Hilário?"

"Abwerere kwawo. Sanalakwe kanthu."

Anatenga kope loyamba n'kupita nalo. M'mawa mwake anabwera ndi masamba atatu atsopano. Tsopano Julião sanaomberedwe. Anagwidwa pamtsinje, Cândido anamva mphekesera yoti wafa, analira, kenaka tsiku lina Julião anatulukira m'chimanga akutsimphina. Catarina anawerenga kawiri, anapeza kuti Zulmira uja wazemberanso pamzere umodzi, anamuchotsa, n'kuyamba kutayipa. Anatha sabata ziwiri, akuika mapepala atatuatatu ndi kaboni pakati, mpaka mabuku asanu ndi limodzi anakwana. Anawasoka ndi ulusi wa thumba.

Tsiku loyamba kuwerenga bukulo, anthu anadzaza pansi pa mango paja, ena osakhala ophunzira n'komwe. António anabwera ndi ndodo yake n'kukhala kumbuyo. Palibe anamuuza kanthu. Amayi ankawerenga mosinthana, pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Pamene Julião anatulukira m'chimanga, mayi wina wachikulire analuluta, ena n'kuomba m'manja.

Atamaliza, António anakweza ndodo.

"Achimwene, nkhani yanu ndi yabwino, koma pali bodza limodzi."

Silvestre anayang'ana Catarina. "Liti?"

"Mwati Julião pobwera anavula nsapato kuti awoloke mtsinje. Nsapato anazitenga kuti? Kutchire kuja ngakhale akuluakulu a mfuti ankayenda opanda nsapato."

Anthu anaseka. Catarina anasolola pensulo m'duku lake, natenga mabuku onse asanu ndi limodzi, n'kukhwatcha nsapatozo limodzi ndi limodzi, pamaso pa onse.

Pobwerera kunyumba atatuwo anayendera limodzi, pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo wa António. Iye anali atapempha buku limodzi kuti akagone nalo kwake, ngakhale kuwerenga ankangodziwa pang'ono.

"Koma Julião ameneyu ndamukonda," anatero ali m'njira. "Makani akewo, ndendende inuyo achimwene. Mwadzilemba nokha eti?"

Silvestre anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma Catarina anamugunda ndi chigongono.

"Ndi iwo amene," anatero Catarina. "Tiyeni tifulumire, nkhuku zanga zilowa m'munda mwa eni ake."