Phala la Phwiti

Mtengo wa ufa utakweranso, amake Phwiti anachokera kumsika ndi kathumba kongokwana m'manja. Ntchito yawo inali yochapa zovala za anthu, koma ochapitsa anali atayamba kudzichapira okha. Amuna awo, onyamula katundu pamsika, ankangobwera ndi fumbi kumapazi.

Nzeru imene mayiwo anaipeza inali madzi. Ufa ukachepa, ankawonjezera madzi mpaka phala lifike pamene linkafika kale. Mphika unkadzaza ndithu, koma ankakhuta ndi maso okha. Ana onse ankazungulira mbale imodzi, ndipo Phwiti, mzime wa zaka ziwiri, ankati akamakweza supuni akulu ake atamaliza kale. Mayiwo sankadya n'komwe. "Ndalawa pophika," ankatero.

Phwiti anasiya kusewera. Tsitsi linafiira, mapazi n'kutupa.

"Komatu akunenepa," anatero bambo ake, podzilimbitsa mtima.

Mlangizi wa zaumoyo, poyendera makomo, anadina phazi la mwanayo ndi chala. Panatsala kadzenje.

"Uku si kunenepa, mayi. Ndi njala imeneyi. Tandionetsani phala lake."

Mayiwo atabweretsa mphika, mlangiziyo anatunga n'kupendeketsa supuni. Phalalo linayenderera ngati tiyi.

"Nanga nditani ine, a mlangizi?" Misozi inali mbwembwembwe. "Ufa ndiutenga kuti? Ndimathira madzi kuti ana asaone kuti mumphika mulibe kanthu."

"Sindikukudzudzulani, mayi. Koma kamimba ka mwana n'kakang'ono. Mukakadzaza madzi, chakudya chilowa pati? Tiyeni naye kuchipatala lero lomwe. Akabwerako, muzimupatulira phala lolimba musanathire madzi, m'mbale yakeyake. Mukapeza nyemba, masamba kapena kadontho ka mafuta, ikanimo. Inunso muzidyako. Mukagwa inu, anawa awaphikira ndani?"

Phwiti anagonekedwa m'chipatala. Amake anakhala pambali pa bedi, mtima uli m'malere, osadziwa ngati abwerera naye kunyumba.

Anabwerera naye. Mtengo wa ufa sunatsike, ochapitsa sanabwerere, ndipo masiku ena banjalo limagonabe m'mimba muli pululu. Zimenezo n'zowawa, palibe chobisa. Koma Phwiti ali moyo. Amakumbatira kambale kake, ndipo mkulu wake akangosendera pafupi amakuwa kuti, "Yanga!"

Chakudya chikakwera mtengo, musachulukitse phala la mwana wamng'ono ndi madzi. Mupatulireni lolimba m'mbale yake. Mapazi akayamba kutupa, musadikire mawa, thamangirani naye kuchipatala.