Efraín Afunsira Ntchito Kumene Akugwira Kale

Chilengezo cha ntchito anachimata pachitseko cha firiji, pafupi ndi chithunzi cha galu wa abwana. Mayi Loretta Vandermeer, eni ake a malo ophikira buledi kumpoto kwa Denver, mzinda wa m'chigawo cha Colorado ku America, ankafuna wophika wachiwiri. Kale akanangolemba kuti "malipiro tidzakambirana", mawu amene tonse tikudziwa kuti amatanthauza kuti udzalandira zimene abwana alota. Koma lamulo la ku Colorado linatseka njira imeneyo. Wolemba ntchito ayenera kutchula malipiro poyera, komanso kudziwitsa antchito amene ali nawo kale.

Efraín Barraza anawerenga pepalalo manja ali mbuu ndi ufa. Madola 24 mpaka 29 pa ola. Iyeyo, atakanda ufa m'nyumbamo zaka khumi ndi zinayi, ankalandira 23. Mtima unamuwawa, tisaname. Vuto linali lakuti Efraín ndi uja woti ukamuponda phazi amapepesa ndiye. Akapempha kuti amukwezere malipiro, ankaopa kukhumudwitsa mayi amene anamulemba ntchito asakudziwa Chingerezi. Akakhala chete, mlendo woti amuphunzitse yekha adzalandira zomuposa.

Denise, mayi wogulitsa pakauntala, anamuseka kuti pepalalo likuti aliyense atha kufunsira, nanga iye akudikira chiyani? Ankangocheza. Efraín sanazitenge ngati zocheza.

Lachinayi masana Mayi Loretta anakhala mu kaofesi kawo kudikira wofunsira wachitatu, E. Barraza. Ankayesa ndi msuweni wake wa Efraín, poti mtunduwo ndi waukulu. Analowa Efraín mwiniwake atavala tayi ya pa ukwati wa mwana wake, kalata yofunsira ntchito ili m'manja, ufa udakali kukhutu.

Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola. Ataona kuti mnzawoyo sakuseka, anakonza magalasi n'kuyamba mafunso a papepala monga anachitira ndi awiri oyamba. Anamufunsa ngati ntchitoyi anaigwirapo, iye anati pang'ono. Anamufunsa ngati angathe kulawira m'mamawa, iye anati anachedwapo kamodzi, tsiku lomwe chipale chofewa chinakwirira basi imene ankakwera. Atamufunsa dzina la womuchitira umboni, anatchula Mayi Loretta Vandermeer, n'kuwapatsa ndi nambala ya foni yomwe. Iwo anailemba bwinobwino, nati mayiyo amamudziwa, ndi wouma manja koopsa.

Funso lomaliza analiwerenga akumwetulirabe.

"N'chifukwa chiyani mukufuna kuchoka kumene mukugwira panopa, Bambo Barraza?"

Efraín anayang'ana pansi.

"Sindikufuna kuchokako, Mayi. Abwana anga ndi munthu wabwino kwambiri. Kungoti anandizolowera ngati uvuni. Ukamayaka tsiku ndi tsiku, palibe amene amaufunsa kanthu."

Kumwetulira kuja kunatha. Mayi Loretta anagwidwa ndi manyazi, manyazi enieni, chifukwa anazindikira kuti anakhala sabata yathunthu akuganizira zimene zingakope munthu wosamudziwa, osaganizako n'kamodzi komwe za amene amawatsegulira chitseko m'mawa uliwonse. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera.

"Ntchito mwaipeza, bambo. Muzilandira chapamwambacho, madola 29 aja, kuyambira Lolemba," anatero. "Ndipo abwana anu akalewo musawakwiyire kwambiri. Ndikawakalipira ndekha."

Efraín anathokoza kawiri. Atadzuka kuti abwerere ku uvuni, Mayi Loretta anamuuza kuti akhale kaye pang'ono, buledi akamutulutsa iwowo.