Seva Yathu Ikukapala Nthawi kwa Anansi

Malotowa akukana kundichoka m'mutu. Masiku ano ndakhala ndikufufuza maadiresi achilendo a makompyuta akunja amene akulumikizana ndi seva ya kuntchito kwathu, ija imene makompyuta onse amaonerapo nthawi. Abwana anga, a Mbewe, anati ndingowatsekera onse poopa akuba a pa intaneti.

Ndinalota sevayo itasanduka mayi wowonda, akunjenjemera m'kachipinda kake kozizira, mawaya abuluu atamukulunga miyendo. Anadzuka, natenga phale, n'kutuluka. Ine pambuyo. Pakhomo lililonse ankagwada n'kunena kuti, "Odi, ndadzapala nthawi." Anthu osawadziwa, ena olankhula zinenero zomwe sindinazimvepo, ankamuikira m'phalemo mivi ya wotchi yoyaka ngati makala. Inkanunkha pulasitiki wopserera.

Kenaka ndinangoona ndanyamula maloko, ndikukhoma makomo onse aja. Phale linazima. Mu ofesi mawotchi anayamba kukangana, ina ikuti kwacha, ina ikuti tiweruke. Dzuwa linaima pamwamba pa denga osasuntha.

Mayiyo anandigwira mkono, zala zake zili zii. "Achimwene, anthuwa sabwera kwa ine. Ndine ndimapita kwa iwo. Ndikakhala ndekha, nthawi imandizimira."

Ndinadzidzimuka mkono ukadali wozizira. Kaya ndi kutopa chabe, kaya malotowa ali ndi mutu, sindikudziwa. Koma a Mbewe atandifunsa ngati ndatseka, ndinayankha kuti, "Bwana, ndiloleni ndione kaye amene akuodira pakhomo pa mnzake. Mwina ndife."