Foni ya Idesi Inayaka

Efulemu anaidziwa nthenda ya foniyo mwini wake asanamalize kudandaula. Wokonza mafoni wina wa ku Mitundu anali ataikamo kale rikavale yachilendo, pulogalamu yotsitsimutsira foni ikakana kuyaka, koma ntchito inamukanika panjira. Tsopano sikirini inkangolavula malemba ofiira: chigawo chosunga zinthu za mwini foni chinkakana kutseguka.

"Ku Mitundu andiuza kuti ku Nathenje kuno ndinu nokha mungaithe," anatero Idesi, akupukuta fumbi la kabaza kumaso. "Ingoyaka basi, achimwene. Loweruka ndikuifuna."

Mawuwo anamukomera Efulemu, paja mkuluyu akangotamandidwa mutu unkakula. Njira ankazidziwa ziwiri. Yoyamba inali yofuna kufatsa: kulumikiza foni ku laputopu, kukonza chigawocho pang'onopang'ono n'kuyesa kukopera zam'kati, mwina mpaka mawa. Yachiwiri inali kufufuta chigawo chonse n'kuchiyala mwatsopano, ntchito ya mphindi zisanu. Funso loti "muli zofunika umu?" linafika pakamwa, koma iye analimeza. Ankafuna mayiyu akasimbe kwawo kuti pa Nathenje pali katswiri wosachedwa.

Anadutsitsa chala pa sikirini n'kufufuta chigawocho. Malemba ofiira anazimiririka, foni n'kuyaka ngati yongochokera m'sitolo.

Idesi anailandira ndi manja awiri. Anasanthula, n'kusanthulanso, kumwetulira kukunka kuchepa.

"Nanga kanema wa amayi ali pati?"

"Kanema wanji?"

"Ndinawajambula akuyenda m'munda mwathu, akuloza malire kuyambira pachulu mpaka kudambo. Patangotha mwezi anatisiya. Pano amalume akuti theka la mundawo ndi lawo, ndiye Loweruka abale akukhala pansi. Ndinawauza kuti amayi adzayankhula okha."

Efulemu anaitenganso foniyo, nayesa pulogalamu iyi ndi iyo mpaka dzuwa linapendeka, ngakhale ankadziwa bwino kuti zimene anafufuta sizibwerera. Manyazi anamugwira, ndipo anadzida.

"Mayi, wolakwa ndine. Njira ina inalipo, koma ndinathamanga. Sindinakufunseni n'komwe."

Idesi sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Za mundazo ndikalimbana nazo, kaya zikatha bwanji," anatero motsitsa mawu. "Koma mu kanema muja amayi ankaseka, achimwene. Anapunthwa pa mzere n'kuyamba kudziseka okha. Ndilibenso kwina kowamvera."

Anawoloka msewu waukulu, mamini basi a ku Lilongwe akumuimbira mabelu, iye osatembenuka. Efulemu anamuona ataima pamene pamaima a kabaza, atagunditsa foni ija kukhutu, pomwe panalibe amene ankamuimbira.