Mzere Umene Sunadumphidwe

"Pulogalamu ilibe manyazi," anatero aphunzitsi a kompyuta. "Mukaiuza kuti iwerenge fayilo, imawerenga mzere uliwonse mpaka pansi. Muziyamba mwaona kaye zimene zalembedwamo." Kalasi yonse inangoseka. Chitsiriza, monga ankamutchulira kwawo, maso anali pa foni, kuopa kuti mwana walira kunyumba.

Chithereni banja lake, ankakhala kwa achemwali ake, iye ndi khanda. Choncho alamu ake atakonza zotsegulira sitolo yatsopano, anadzipereka yekha, naye aoneke wothandiza: mauthenga a mafuno abwino awaika m'fayilo, kapulogalamu kake kaziwerenga mzere umodziumodzi n'kumaonetsa pa TV ya pakhoma.

Tsiku loyesera, manja atatuwa ndi sopo wochapira zovala za nyumba yonse, analemba pansi penipeni pa fayilo ija: "# pano ndine wantchito, si m'bale." Mtima unapepukako. Ankadziwa kuti m'pulogalamu mzere woyamba ndi kachizindikiro ka # umadumphidwa. Sanaganize kuti m'fayilo ya mauthenga lamulo limenelo kulibe.

Masana a phwando, alendo atadzaza pakati pa mashelefu, mauthenga anayenda bwinobwino. Alamu anamuloza monyadira. "Ntchito ya mlamu wanga imeneyo, mutu umagwira."

Kenako mzere uja unatulukira, zilembo zikuluzikulu. Mayi wina anauwerenga mokweza, n'kulekera pakati. Chitsiriza anathamangira pa laputopu, mwana akugwedezeka kumbuyo, koma anachedwa. Pulogalamu inabwerera pamwamba n'kuyambiranso: "Mulungu adalitse banja lokoma mtimali."

"Makinawa akuti amalankhula okha masiku ano," anatero alamu, kuseka kwake kouma. Palibe anawathandiza kuseka.

Madzulo achemwali sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangomubweretsera chakudya kuchipinda, ntchito imene sanaichitepo.

"Idya, mwana ayamwa chiyani? Mbale zisiye, nditsuka ndekha."

"Achemwali, ine sindimati..."

"Ukanangondiuza, mwana wa amayi. Pakamwa uli napo."

Chitseko chinatsekedwa pang'onopang'ono. Chitsiriza anayang'ana mbale ija, sanaigwire. Anaganiza za mawa m'mawa: patebulo, alamu akumupatsa moni mosamala, achemwali akumulanda tsache. Anatuluka kukakhudza matewera pachingwe. Anali asanaume. Anawaanula choncho, nawapinda m'chikwama, pamwamba pa laputopu. Basi yopita kwa amayi imanyamuka kusanache, ndipo anthu a m'nyumbamo akamadzuka, iye adzakhala ali m'njira.